Phokoso la M'pikapu ya a Gervazio

Galanti ya pikapu ya a Gervazio inali kutha Loweruka, ndipo tsikulo n'kuti lili Lachinayi. N'chifukwa chake m'mawa wa mu Juni, chisanu cha pa Dedza chikali kuluma makutu, mlimi wa kachewere wa ku Bembekeyu adaimika galimoto yake kuseri kwa malo omwetsera mafuta pa boma. Pamenepo ndi pomwe a Yeremiya, kalaliki wa kampani ina yogulitsa magalimoto ku Lilongwe, ankabwera kamodzi pamwezi kudzamva madandaulo a ogula.

Galanti tikunenayi linali pepala lolonjeza kuti galimoto ikadwala chaka chisanathe, kampani iikonza ulere. A Gervazio ankalisunga m'buku la mapemphero, ndipo ankalikhulupirira kuposa zina za m'bukumo. Chifukwa chake chinalipo. Iwo anali mkamwini, ndipo pikapuyo idagulidwa ndi ng'ombe zisanu ndi ziwiri za kuchikazi. Adanyengerera akazi awo, a Nangozo, miyezi itatu kuti ng'ombezo zigulitsidwe, malume a mayiwo akukana kwamtuwagalu, amvekere galimoto siswana. Tsopano injini inali itayamba kulira moopsa. Ikanafa, kampani n'kukana kukonza, a Gervazio ankadziwa kuti pamudzi paja sadzatsegulanso pakamwa mpaka kulowa m'manda.

Tsono kutseka pakamwa sikunali m'magazi mwawo. Anali munthu woti akanena kuti lero mvula sibwera, amalolera kunyowa pabwalo kusiyana ndi kukabisala pakhonde anthu akuona. A Yeremiya nawo anali ndi nthenda yawoyawo. Kwa mkulu wowonda, wa tayi wolimba pakhosiyu, chinthu chosalembedwa papepala chinali chisanachitike.

Atalonjerana, a Yeremiya adayala fomu paboneti, n'kulowetsa pakati makaboni awiri okopera mawu, n'kufunsa vuto la galimoto.

"Ikulira," adatero a Gervazio.

"Galimoto iliyonse imalira, bambo. Yanuyi ikulira bwanji?"

A Gervazio adatsokomola, adafufumitsa masaya, n'kuyamba: "Gudu-gudu-gudu, kenako khwee, kenako gudu wina wamkulu."

A Yeremiya adayang'ana pafomu nthawi yaitali. Adafotokoza kuti kampani imadziwa mitundu itatu yokha ya phokoso, kugogoda, kuimba mluzu ndi kukhwekhwereza, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kabokosi kake. Adawapempha kuti asankhe kamodzi.

"Chongani tonse titatu."

"Malangizo akuti chongani kamodzi."

"Nanga ngati galimoto yanga ikudwala matenda atatu?"

"Ndiye kuti mubwere katatu. Komanso sindingachonge phokoso lomwe sindinalimve ndi makutu angawa. Ilizeni."

A Gervazio adalowa, adapotoza kiyi, ndipo injini idalira mofatsa ngati mwana wa sukulu pamaso pa mphunzitsi wamkulu. Adaponda mafuta, injini n'kungoyimba bwinobwino. Adaponda mpaka pansi, utsi n'kuphimba mayi wina wogulitsa kabichi patsidya, koma gudu ngakhale mmodzi osamveka. Galimoto yomwe idawachititsa manyazi mwezi wathunthu pamaso pa apongozi, lero inali yoyera mtima.

"Sindikumva kanthu," adatero a Yeremiya, khutu ali nalo pafupi ndi boneti.

"Ikukuopani. Imawadziwa anthu a kampani."

"Kabokosi ka kuopa palibe."

A Gervazio adazimitsa injini n'kutsika. Adalongosola kuti phokosolo silibwera chisawawa, limadikira galimoto isenze katundu n'kuyamba kukwera chitunda. A Yeremiya adagwedeza mutu, nati zimenezo zili ndi mzere wake, wofunsa tsiku lomwe phokoso lidayamba ndi katundu yemwe galimoto idasenza tsikulo. Funsoli silidawakomere a Gervazio. Buku la galimoto linkalola matumba khumi, koma iwo ankapakira makumi awiri ndi awiri, ndi thumba lina pampando wa kutsogolo.

"Matumba angapo," adayankha akuyang'ana kuphiri.

"Angapo ndi angati?"

"Okwana m'galimoto."

A Yeremiya adati nambala imeneyo saidziwa, choncho mzerewo ausiya kaye, aubwerera. Adavula jekete, adalipinda bwinobwino, adatulutsa nyuzipepala yakale m'chikwama. Asanaiyale pansi adaitembenuza uku ndi uku kuona kuti asagwade pankhope yosayenera kugwadidwapo, chifukwa masiku amenewo zimenezo zinkatha kumugoneka munthu kupolisi. Atakhutira adagwada n'kusuzumira kunsi kwa galimoto, ndipo adakhalako nthawi yomwe a Gervazio sadaikonde.

"Buku likuti masipulingi a kumbuyo ndi asanu mbali iliyonse," adamveka mawu kuchokera kunsi. "Ine ndikuwerenga asanu ndi anayi."

"Ndi a momwemo."

"Asanu ndi akuda. Anayi ndi ofiira ndi dzimbiri."

"Ana anganso ena ndi oyera, ena ndi akuda, koma onse ndi anga."

Zoona zake n'zakuti masipulingi anayiwo adachoka ku lole ina yomwe idafera pamsewu, ndipo adawamangirira ndi a Kalisto, mmisiri wowotcherera zitsulo wa pa Chimbiya. A Kalisto omwewo adawotchereranso zitsulo zazitali m'mbali mwa pikapuyo kuti matumba azisanjikizana mpaka kupitirira denga. Pobwezera ulemu kwa kasitomala wabwino adaikamonso hutala ya lole ija. A Yeremiya atadzuka adazigwira zitsulozo chimodzichimodzi, adazifufuza m'buku osazipeza, kenaka adapisa mkono pawindo n'kudina hutala. Mayi wa kabichi uja adadumpha, galu yemwe ankawothera dzuwa pafupi adathawa osacheuka, ndipo a Yeremiya adalemba kuti hutala si yake.

Atatero adatsegula buku pa ndime yachisanu ndi chiwiri n'kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mawu. Ndimeyo inkati galimoto yosinthidwa popanda chilolezo cha kampani, galanti yake yafa.

A Gervazio adakana. Adati chodwala ndi injini, ndipo injini ili kutsogolo, pamene masipulingi ali kumbuyo, sizionana n'komwe. Adafunsa ngati munthu wodwala chifuwa amamukaniza mankhwala kuchipatala chifukwa wavala nsapato zobwereka. A Yeremiya adayankha kuti iwo sadagwirepo ntchito kuchipatala, koma pepala likuti galimoto, silikuti injini. Kenaka adafunsa ngati pali china chilichonse chomwe munthu wosakhala wa kampani adaika pagalimotoyo.

"Eya, chilipo," adatero a Gervazio mwachipongwe. "Ansembe anaiwaza madzi odalitsa. Kapena nawonso ndiwasukuluze?"

"Boneti inali yotsegula?"

"Achimwene, mukufunsa zoona?"

"Madzi ndi injini sizigwirizana, bambo. Anali ochuluka bwanji?"

"Timadontho."

A Yeremiya adalemba kuti madzi, pang'ono, kunja kokha, nati zimenezo akhoza kuzikhululukira. Koma masipulingi, zitsulo ndi hutala sakanatha kuzikhululukira. Adatsitsa cholembera pa kabokosi komaliza, kolembedwa kuti galanti yafa.

A Gervazio adachiyang'ana cholemberacho. M'maganizo adaziona ng'ombe zija zikutuluka m'khola imodziimodzi, adawaona malume akukhala pampando wa ndalema pabwalo, osanena kanthu, kungowayang'ana basi. Adamwaza maso uku ndi uku kufuna pothawira, ndipo maso awo adakagwa pachipata cha msika, pomwe anthu a malaya ofiira ankaimitsa aliyense kumufunsa khadi la chipani. Pamenepo ndipo idawabwerera nzeru, ya mtundu uja munthu amadzanong'oneza nayo bondo.

Kunena zoona, nzeruyo inali ndi kachoonadi pang'ono. M'mwezi wa Malichi a tcheyamani a nthambi ya chipani kwawoko adabwerekadi pikapuyo kamodzi, kuti inyamule amayi ovina kupita ku msonkhano waukulu pa boma, ndipo pempho lotere palibe ankalikana. Kungoti pofika tsikulo zitsulo zija n'kuti zitatha kale miyezi isanu zikusenza kachewere.

"Musanachonge, achimwene," adatero a Gervazio motsitsa mawu, "mukudziwa kuti zitsulozi n'za ntchito yanji?"

"Buku silikunena."

"N'zogwirira amayi a chipani popita kovina. Masipulingiwo n'ngoti amayi asapweteke msana m'mabampu. Hutalayo n'njoti anthu azipatuka amayi akamadutsa. Tsono lembani kuti zonsezi n'zolakwika. Lembani ndithu, dzina lanu lili pansipo."

Cholembera chidaima m'malere. A Yeremiya adagwira thumba la shati pomwe panali khadi lawo, adacheukira kumsika, adamasula tayi pang'ono. Adanong'ona kuti ndime yachisanu ndi chiwiri siikutchula chipani, komabe sakukhulupirira kuti kampani ingakondwe kuti amayi azigwa m'galimoto. Adasuntha dzanja, ndipo pamzere wa zosintha adalemba kuti n'zololedwa.

A Gervazio adafufuma. Adatsamira galimoto yawo, adapinda mikono, adayamba kuimba mluzu. Akadakhala munthu wodziwa polekezera, nkhani ikadathera pomwepo. Koma a Yeremiya adabwerera ku mzere uja adausiya, wa tsiku ndi katundu, ndipo a Gervazio adaona kuti chida chomwe chapha ndime imodzi chingathe kuphanso ina. Matumba makumi awiri ndi awiri sakadawatchula, koma amayi a chipani ndani akadawayeza pasikelo?

"Linayamba tsiku lomwelo ndinanyamula amayi," adatero.

"Anali angati?"

"Makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi, ndi ng'oma zitatu. Ndipo si amayi owonda ayi."

Nkhaniyo idawakomera. Adawonjezera kuti pokwera chitunda amayiwo adayamba kuvina m'galimoto momwemo, pikapu n'kumapendekera uku ndi uku, ndipo gudu woyamba adamveka pomwe nyimbo idafika pokoma. A Yeremiya ankalemba zonse, akudinikiza cholembera kuti mawu adutse makaboni onse awiri. Atamaliza adaimirira mowongoka, nati lamulo la kampani likuti wodandaula amuwerengere dandaulo lake asanasayine. Adawerenga ndi mawu okweza, a munthu yemwe adakhoza bwino kuwerenga kusukulu.

"Ine Gervazio wa ku Bembeke ndikudandaula kuti injini ya galimoto yanga inawonongeka chifukwa chonyamula amayi a chipani, omwe anali ambiri, onenepa, ndiponso ankavina m'galimoto."

Mluzu uja udafera pamilomo. Chisanu chomwe a Gervazio sadachimve m'mawa wonse chidawalowa mpaka m'mafupa.

"Tsitsani mawu, achimwene. Ndani wanena zimenezo?"

"Inu, bambo."

"Ine ndadandaula za amayi?"

"Fomuyi dzina lake ndi ya madandaulo. Chilichonse cholembedwa apa ndi dandaulo."

"Nanga onenepa mwawatenga kuti?"

"Mawu anu aja sakanakwana pamzere."

Masiku amenewo munthu ankaloledwa kudandaula za mvula, za nsabwe za m'masamba, ngakhale za apongozi ake. Koma kudandaula papepala, ndi dzina lako pansi, kuti amayi a chipani akuthyolera galimoto, kunali kudziitanira Landirova ya apolisi pakhomo. A Gervazio ankamudziwa mphunzitsi wina yemwe adanena zochepa kuposa pamenepa ali pamowa, ndipo chimanga chinali chitakololedwa katatu iye asanaonekenso. Mantha adawagwira enieni, osati a malume.

"Fufutani," adatero.

"Pepala la kampani safufuta. Lili ndi nambala."

A Yeremiya adafotokoza modekha kuti loyera lipita ku Lilongwe, lachikasu ku likulu la kampani ku Blantyre, ndipo lobiriwira ndi la a Gervazio, akasunge pabwino. Adawonjezera kuti popeza zosinthazo zaloledwa m'dzina la chipani, pafunika mboni, choncho a tcheyamani asayine kuti ndiwo adalamula zitsulo, masipulingi ndi hutala. Adafunsa ngati kwawoko n'kutali, chifukwa basi yawo ya ku Lilongwe ikali ndi nthawi.

"Akudwala," adatero a Gervazio msangamsanga.

"Pepani. Ndiye tiwapeza pakhomo."

"Ndi matenda opatsirana."

"Asayinira pawindo."

Pamenepo a Gervazio adagonja. Munthu yemwe chibadwire sadabwezepo mawu ake adavula chipewa n'kuyamba kuulula ngati ali kwa ansembe Loweruka madzulo. Adaulula za lole yakufa ndi za a Kalisto. Adaulula kuti zitsulo n'za kachewere, a tcheyamani sazidziwa n'komwe. Adaulula matumba makumi awiri ndi awiri, nawonjezera kuti tsiku lina adakwana makumi awiri ndi anayi, ndi nkhumba pamwamba. Adati amayi aja anali opepuka ngati nkhunda, adakhala phee ulendo wonse, ndipo galimoto sidayendepo bwino ngati tsiku limenelo.

"Lembani kuti ndinaiwononga ndekha, bwana," adadandaula. "Chongani kabokosi kanu kaja. Galanti yafa, ine mboni."

"Mzere umodzi, yankho limodzi," adatero a Yeremiya. "Wadzaza kale. Komanso matumba mukunenawo sindinawaone."

"Amayiwo munawaona?"

"Ayi, koma alembedwa."

A Gervazio adakhala pansi pa tayala, chipewa chili m'manja. Adafunsa ndi mawu a munthu wogonja ngati m'buku lonselo mulibe njira yoti pepala life. A Yeremiya sanali munthu wankhanza, ndipo nawonso sankakondwa kuti mawu amenewo ali m'dzanja lawo. Adanyambita chala, adavundukula masamba, adabwerera m'mbuyo, mpaka adaima pa ndime ya khumi ndi chiwiri. Ndimeyo inkati kalaliki akapanda kumva phokoso ndi makutu ake, galimoto ili bwino, dandaulo palibe, ndipo mapepala onse atatu ang'ambidwe pamaso pa mwini galimoto. Kungoti mwiniyo saloledwa kudandaulanso za vuto lomwelo mpaka patatha masiku makumi atatu.

"Galanti yanu ikutha Loweruka," adawakumbutsa, ngati kuti akadaiwala.

A Gervazio adaganiza za kunyumba. Chisoni chidawagwira, osati cha iwo eni, koma cha a Nangozo, omwe adaima pakati pa abale awo n'kunena kuti amuna anga akudziwa chomwe akuchita. Adadziwa kuti madzulo akayenera kukawauza kuti ng'ombe zisanu ndi ziwiri zasanduka gudu-gudu, ndipo wokonza ulere palibe. Adadziwanso kuti malume akawaseka mpaka Khirisimasi. Koma malume, ndi kukamwa kwawo konse, analibe Landirova.

"Ng'ambani," adatero.

"Ndiyenera kumvetsera komaliza, kuti ndilembe kuti ndinayesa kawiri. Ilizeni."

A Gervazio adalowa, adachita chizindikiro cha mtanda, adasisita chiwongolero ndi kuinong'oneza galimotoyo mawu okoma omwe ngakhale akazi awo sadawamvepo. Adapotoza kiyi mwaulemu.

Gudu-gudu-gudu, idayankha injini, ili yopanda thumba ngakhale limodzi, ili pamalo osalala. Kenako khwee. Kenako gudu wina wamkulu, woti boneti idanjanja, makaboni n'kuulukira pansi. Mayi wa kabichi adasamutsa dengu lake. Pachipata cha msika, anthu a malaya ofiira aja adasiya kuyang'ana makhadi n'kucheuka onse.

Nkhope ya a Yeremiya idawala koyamba tsiku lonselo. Adatola mapepala awo, adawasasa fumbi, adavundukula cholembera.

"Ndalimva tsopano, bambo. Munkanena zoona. Ndi kabokosi koyamba, kugogoda."

A Gervazio adatulutsa mutu pawindo, adawagwira dzanja lolembera ndi manja onse awiri, nakweza mawu kuti amveke pamwamba pa phokosolo.

"Amenewo ndi mawondo anga, bwana. Injiniyi ilibe vuto, ndipo amene anakuuzani kuti ikulira ndi munthu wabodza."